Pamene alimi a ku America anatsegula Baibulo kuti akane mfumu yao

Pa 1 December, 1763, bwalo la milandu la ku Hanover m'cigawo ca Virginia linadzaza ndi alimi a fodya. Wodandaula anali wansembe wa mpingo wa Anglican, dzina lake James Maury, ndipo mlandu unali wa malipiro ake. Masiku amenewo lamulo linali lakuti wansembe aliyense wa Anglican azilandira fodya wolemera mapaundi 16,000 pa caka, ndiye kuti makilogalamu opitirira 7,000. Fodyayo anali kusonkhedwa kwa anthu onse a m'parishi, ngakhale aja opemphera ku mipingo ina.

M'caka ca 1758 kunagwa cilala, fodya anacepa, ndipo mtengo wake unakwera katatu. Nyumba ya malamulo ya Virginia, poona kuti alimi abvutika, inapanga lamulo lakuti caka cimeneco ngongole za fodya zilipiridwe ndi ndalama, mapeni 2 pa paundi imodzi, pamene pamsika paundi inali kugulidwa pafupifupi mapeni 6. Ansembe anakadandaula ku London, ndipo mfumu ndi nduna zake anafafaniza lamulolo. Ndico cifukwa cake Maury anapita kukhoti kukafuna zotsala zake.

Loya amene anaimira anthu a m'parishi anali mnyamata wa zaka 27, Patrick Henry. Iye anauza bwalo kuti mfumu imene ifafaniza lamulo lothandiza anthu ake pa nthawi ya mabvuto yaleka kukhala tate wao, yasanduka wankhanza, ndipo yataya mphamvu yofuna kuti anthu aziimvera. Ena m'bwalomo anang'ung'udza kuti kumeneko ndi kuukira mfumu. Koma anthu amene anasankhidwa kuti agamule za ndalamazo sanacedwe: anapatsa wansembeyo peni imodzi yokha.

Ambiri akamafotokoza za ufulu wa America amayambira pa mfuti ndi pa George Washington. Koma mfuti zisanalire m'caka ca 1775, panapita zaka zambiri anthu akukangana m'machalichi, m'mabwalo ndi m'misika pa funso limodzi lobvuta: kodi Mkristu, amene Baibulo limamuuza kuti azimvera olamulira, angaloledwe kukana mfumu yake? Caka ca 2026 ndico cokwanitsa zaka 250 cilengezere ufulu wao, ndipo funso lija limabwereranso m'mipingo ya maiko ambiri nthawi iliyonse imene boma ndi anthu asemphana. Nkwabwino tsono kuti tione mmene iwo anayankhira, ndiponso pamene yankho lao linaperewera.

Anthu ozolowera kudzisankhira abusa

Coyamba tidziwe kuti anthu amene tikunena pano sanali eni nthaka ya America. Anali azungu, ana ndi adzukulu a anthu amene anaoloka nyanja kucokera ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, nakhazikika m'zigawo 13 m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Onse pamodzi, kuphatikizapo akapolo ocokera ku Africa, analipo pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo ambiri anali alimi a tirigu, cimanga, fodya ndi mpunga. Mfumu yao inali George III wa ku Britain.

Ena mwa makolo ao anabwera cifukwa ca cipembedzo. M'caka ca 1620 combo ca Mayflower cinafika ku Plymouth ndi anthu amene anapatuka mu mpingo wa boma wa ku England. Asanatsike m'combo, amuna anasaina cipangano pamaso pa Mulungu cakuti adzapanga malamulo ao ndi kuwamvera. Mu 1630 kunabwera gulu lalikulu la a Puritan ku Massachusetts. Ku Maryland kunafika Akatolika mu 1634, ndipo William Penn wa mpingo wa Quaker anayambitsa Pennsylvania mu 1681.

M'mipingo yambiri ya ku Massachusetts ndi Connecticut munalibe bishopu. Akristu a pamudzi ndiwo anali kuitana m'busa, kupangana naye za malipiro, ndi kumucotsa akalephera. Nyumba imene anali kupemphereramo pa Sondo ndi imenenso anali kukumaniramo mkati mwa mlungu pokambirana za miseu, sukulu ndi msonkho. Munthu amene anakula akukweza dzanja posankha m'busa sanabvutike kuganiza kuti olamulira naonso ayenera kukhala ndi cilolezo ca anthu. Anaphunzitsidwanso kuti mtima wa munthu aliyense ndi wocimwa, wa mfumu womwe, cotero nkoopsa kupatsa munthu mmodzi mphamvu zopanda malire.

M'zaka za m'ma 1730 ndi 1740 kunabuka citsitsimutso cacikulu. Mlaliki wa ku England, George Whitefield, anayenda cigawo ndi cigawo kuyambira mu 1739, akulalikira pabwalo kwa makamu a anthu. Mlimi wina wa ku Connecticut, Nathan Cole, analemba mmene m'mawa wina mu October 1740 anamvera ali m'munda kuti Whitefield akubwera ku Middletown. Anataya cida cake pomwepo, natenga mkazi wake, nathamanga ndi kavalo ulendo wa makilomita pafupifupi 19. Uthenga unali wakuti wolemera ndi wosauka onse ayenera kubadwa mwatsopano. Anthu wamba anayamba kufunsa abusa ao mafunso, ndipo ena anatuluka nakayambitsa mipingo yao. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa kukula kwa mphamvu ya citsitsimutsoci pa ndale. Coona ncakuti Patrick Henry ali mwana anali kupita ndi amai ake kukamvera mlaliki wa Presbyterian, Samuel Davies, ndipo luso lake lolankhula linayambira komweko.

Aroma mutu 13

Copunthwitsa cacikulu cinali kalata ya Paulo kwa Aroma, mutu 13. Kwa zaka mazana ambiri mafumu a ku Ulaya anali kudalira mutu umenewo, pamene Paulo aphunzitsa kuti ulamuliro umaikidwa ndi Mulungu ndipo Mkristu ayenera kuugonjera. Pa 30 January caka ciliconse mpingo wa Anglican unali kukumbukira Mfumu Charles I, amene anadulidwa mutu mu 1649, ndipo ansembe anali kulalikira kuti kuukira mfumu ndi chimo lalikulu.

Mu January 1750 m'busa wa ku Boston, Jonathan Mayhew, wa zaka 29, anatenga mutu womwewo nati uwerengedwe mpaka kumapeto. Paulo, iye anatero, akupereka cifukwa comvera wolamulira: wolamulirayo ndi wanchito wa Mulungu, woikidwa kuti anthu akhale bwino, kuti aziopseza ocita zoipa ndi kuteteza osalakwa. Nanga akayamba iye mwini kulanda ndi kuzunza osalakwawo? Mayhew anati wotereyo wasiya nchito imene Paulo ananena, ndipo cifukwa comumvera cathera pomwepo. Sanalole kuti anthu aziukira boma pa colakwa ciliconse cacing'ono. Ananena za nkhanza zopitirira muyeso zimene mtundu wonse ukuziona. Ulalikiwo unasindikizidwa ku Boston, kenaka ku London, ndipo John Adams, amene anadzakhala pulezidenti waciwiri wa America, anakumbukira atakalamba kuti unawerengedwa ponseponse.

Maganizo amenewa sanali atsopano. John Knox wa ku Scotland ndi ena otsatira John Calvin anali atawaphunzitsa kale zaka pafupifupi 200 m'mbuyomo. Abusa anali kuchula azamba a ku Ejipito amene anakana lamulo la Farao lakupha ana aamuna, Danieli amene anapitiriza kupemphera mfumu italetsa, ndi atumwi amene anakana kukhala cete akulu a ku Yerusalemu atawaletsa kulalikira. Pamwamba pa izi anaonjezapo ciphunzitso ca John Locke, wanzeru wa ku England, cakuti boma limakhalapo mwa cipangano ndi anthu kuti liteteze moyo, ufulu ndi katundu wao. Kwa mlimi amene anamva za cipangano ca Mulungu ndi Israeli kuyambira ubwana wake, mau a Locke sanamveke acilendo.

Msonkho, tiyi ndi tsiku losala kudya

Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, boma la ku London linatsala ndi ngongole yaikulu, ndipo linafuna kuti anthu a ku America athandize kulipira. Mu 1765 linaika msonkho pa mapepala a kukhoti, zikalata za malo, nyuzipepala ndi zina. Anthu anakana, nati m'Nyumba ya Malamulo ya ku London mulibe ngakhale mmodzi wosankhidwa ndi iwo, ndipo kutenga katundu wa munthu popanda cilolezo cake kapena ca womuimira ndi kulanda. Msonkhowo unacotsedwa mu 1766, koma inabwera ina. Pa 16 December, 1773, anthu zikwi anasonkhana m'chalichi ca Old South ku Boston, ndipo usiku womwewo gulu lina linakwera zombo zitatu nkutaya mabokosi 342 a tiyi m'madzi.

Panalinso mantha ena okhudza cipembedzo. Kunali kumveka kuti London ifuna kutumiza mabishopu a Anglican ku America. Adzukulu a anthu amene anathawa mabishopu a boma ku England anaganiza kuti Nyumba ya Malamulo imene ikhoza kuwaikira msonkho ikhozanso kuwaikira mpingo. John Adams analemba mu 1815 kuti mantha amenewa anathandiza kwambiri kudzutsa anthu wamba.

Boma linalanga Boston potseka doko lake kuyambira pa 1 June, 1774. Ku Virginia aphungu anasankha tsiku lomwelo kukhala losala kudya ndi kupemphera, ndipo George Washington analemba m'buku lake kuti anapita kuchalichi nasala tsiku lonse. Koma apa pali cina coyenera kucidziwa. Thomas Jefferson anaulula atakalamba kuti iye ndi anzake ocepa ndiwo anakonza za tsikulo, ndi colinga codzutsa anthu amene anali mtulo pa za ndale. Anafufuza m'mabuku akale mmene a Puritan anali kulembera mau otere, napempha mkulu wina wodziwika ndi kupembedza, Robert Carter Nicholas, kuti ndiye akapereke nkhaniyo m'nyumba ya malamulo. Ambiri amene anasala anasala ndi mtima woona, koma oitanitsa kusalako anali ndi mawerengero ao a ndale. Bwanamkubwa Dunmore anazindikira zimenezi nathetsa nyumbayo.

Mu September 1774 nthumwi za zigawo 12 zinakumana ku Philadelphia. Wina atapempha kuti ayambe ndi pemphero, John Jay ndi John Rutledge anakana, nati nthumwi ndi za mipingo yosiyanasiyana ndipo sizingapembedze pamodzi. Samuel Adams wa ku Boston, Mkristu wolimba wa mpingo wa Congregational, anaimirira nati iye akhoza kumva pemphero la munthu aliyense woopa Mulungu ndi wokonda dziko lake, nachula wansembe wa Anglican, Jacob Duché. M'mawa wa pa 7 September Duché anawerenga Salmo 35, pemphero lopempha Mulungu kuti aimire munthu wozunzidwa ndi adani. Nthawi imeneyo kunali kumveka mbiri, imene inadzapezeka yabodza, yakuti asilikali a mfumu aombera Boston ndi mizinga, ndipo nthumwi zinaona ngati salmolo linalembedwera iwo. Samuel Adams anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Popanda a Anglican a kumwera, anthu a ku Boston sakanapita patali.

Cenjezo la Samueli

Mfuti zinalira pa 19 April, 1775, ku Lexington ndi Concord. Anthu 8 amene anafa pabwalo la Lexington anagwa pafupi ndi chalichi ca m'busa Jonas Clarke, amene kwa zaka zambiri anali kuphunzitsa za ufulu. Komabe ambiri anali akali kufuna kuyanjananso ndi mfumu. Mu July 1775 nthumwi zinamulembera kalata yopempha mtendere, koma iye anakana kuilandira, nalengeza kuti anthu a ku America ndi oukira.

Amene anadula cingwe cotsala anali Thomas Paine, ndi kabuku kake ka Common Sense kamene kanatuluka mu January 1776. Paine anadziwa kuti alimi amadziwa Baibulo kuposa mabuku a anzeru, cotero anawatengera ku 1 Samueli mutu 8, pamene Aisraeli anapempha mfumu kuti afanane ndi mitundu ina. Anawakumbutsa cenjezo la mneneriyo lakuti mfumu idzawatengera ana ao aamuna kunkhondo, ana aakazi kukagwira nchito kunyumba kwake, minda yabwino, ndi cakhumi ca zokolola ndi ziweto. Anachulanso Gideoni amene anakana ufumu atapatsidwa. Mayhew anatsutsa mfumu yoipa cabe, koma Paine anati ufumu weniweniwo Mulungu sanaufune ciyambire. Kabukuko kanawerengedwa mokweza m'malo omwera ndi m'misasa ya asilikali. Codabwitsa ncakuti Paine yemweyo mu 1794 anatulutsa buku lotsutsa Baibulo.

John Witherspoon anali wosiyana naye. Iye anali m'busa wa Presbyterian wocokera ku Scotland, mkulu wa koleji imene tsopano ndi yunivesite ya Princeton. Pa 17 May, 1776, tsiku limene nthumwi zinaitanitsa kusala ndi kupemphera m'zigawo zonse, analalikira pa Salmo 76, nanena kuti aka kanali koyamba kubweretsa nkhani za ndale pagome. Anaphunzitsa kuti ngakhale ukali wa anthu Mulungu amaugwiritsa nchito pa colinga cake, ndiponso kuti pamene ufulu wa dziko watayika, ufulu wopembedza sukhalitsa. Anacenjezanso omvera ake kuti kupambana nkhondo sikungapulumutse mzimu wa munthu wosalapa. Mwana wake James anafera kunkhondoko mu 1777.

Mulungu m'cikalata ca ufulu

Pa 2 July, 1776, nthumwi zinabvomereza kupatukana ndi Britain, ndipo pa 4 July zinabvomereza cikalata cofotokoza zifukwa zake. Anacilemba ndi Jefferson, wa zaka 33, mothandizidwa ndi John Adams ndi Benjamin Franklin. Mfundo yake ndi yakuti anthu onse analengedwa mofanana, ndipo Mlengi anawapatsa maufulu amene palibe angawalande. Boma limakhalapo kuti liteteze maufuluwo, mphamvu zake zimacokera kwa olamulidwa, ndipo likasanduka loononga anthu akhoza kulisintha. Kenaka cikalataco cichula milandu 27 ya mfumu.

Mphamvu ya mfundoyi yagona pa Mlengiyo. Ufulu ukakhala mphatso ya mfumu, mfumu ikhoza kuutenganso monga mwini munda amatengera munda wobwereketsa. Ukakhala wocokera kwa Mulungu, mfumu ilibe ponena.

Mulungu achulidwa kanai m'cikalatamo: monga mwini cilengedwe, monga Mlengi, monga Woweruza wamkulu, ndi monga Wosamalira amene osaina anadalira citetezo cake. Ziwiri zomalizazi anaonjezera ndi nthumwi pokonza zimene Jefferson analemba. Dzina la Yesu mulibe, ndipo mulibenso ndime ya m'Baibulo. Jefferson sanali kukhulupirira Utatu Woyera, ndipo atakalamba anadula Mauthenga Abwino ndi lumo, nasunga ziphunzitso za Yesu za makhalidwe, nasiya zozizwitsa ndi kuuka kwa akufa. Franklin nayenso anali kukayika za umulungu wa Yesu. Komabe atapemphedwa caka comweco kuti apange cizindikiro ca dziko latsopano, Franklin anafuna cithunzi ca Mose ndi Farao pa Nyanja Yofiira, ndipo Jefferson anafuna Aisraeli m'cipululu akutsogozedwa ndi mtambo ndi moto. Mwa anthu 56 amene anasaina, ambiri anali a m'mipingo. Witherspoon yekha ndiye anali m'busa wogwira nchito, ndipo Charles Carroll wa ku Maryland yekha ndiye anali Mkatolika. Mau a cikalataco anali otakata mokwanira kuti m'busa, Mkatolika ndi wokayika onse aikepo dzina.

Akristu amene anakana

Tingalakwe kuganiza kuti Akristu onse anali mbali imodzi. Ansembe a Anglican analumbira pa tsiku lodzozedwa kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu, ndipo buku lao la mapemphero linali kuwalamula kuipempherera. Ambiri, makamaka a kumpoto, anaona kuti kuphwanya lumbiro limenelo ndi chimo. Jonathan Boucher wa ku Maryland analalikira za kumvera olamulira ali ndi mfuti ziwiri zazing'ono pagome cifukwa coopsezedwa, mpaka anathawira ku England mu 1775. Charles Inglis wa ku New York anapitiriza kupempherera mfumu mu 1776 ngakhale anthu a mfuti atalowa m'chalichi. John Wesley, woyambitsa Methodist, analemba kabuku mu 1775 kotsutsa kuukirako. Iwowa anali kufunsa kuti: Paulo analemba kalata ija pa nthawi ya Nero, nanga msonkho wa tiyi ndiwo ungapose nkhanza za mafumu a Roma? Ngakhale Duché uja wa Salmo 35 anasintha maganizo mu 1777, nalembera Washington kuti aleke nkhondo, ndipo anathawira ku England.

Panalinso a Quaker, a Mennonite ndi a Moravian amene anakana kugwira mfuti mbali iliyonse, cifukwa ca ciphunzitso ca Yesu cokonda adani. Analipitsidwa, ena analandidwa ziweto ndi katundu, ndipo mu 1777 akuluakulu ena a Quaker a ku Philadelphia anagwidwa natumizidwa ku Virginia popanda kuzengedwa mlandu. Nkhondo itatha mu 1783, anthu zikwi makumi angapo okhulupirika kwa mfumu anasiya minda yao nasamukira ku Canada, ku Britain ndi kwina.

Amene anatsala panja

Akulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Pamene cikalata cija cinali kunena kuti anthu onse analengedwa mofanana, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse m'zigawomo anali kapolo wakuda. Jefferson mwini anakhala ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake. Ndime imene analemba yodzudzula malonda a akapolo inacotsedwa ndi nthumwi.

Akristu akuda anamva ulaliki womwewo nauwerenga mpaka kumapeto. Lemuel Haynes, amene anali msilikali mbali ya ofuna ufulu ndipo anadzozedwa ubusa mu 1785, analemba mu 1776 kuti munthu wa ku Africa ali ndi ufulu wofanana ndi wa Mngelezi, popeza onse anacokera kwa Mlengi mmodzi. Mu January 1777 Prince Hall ndi anzake anapereka dandaulo ku nyumba ya malamulo ya Massachusetts, nati mfundo iliyonse imene America wagwiritsa nchito potsutsa Britain ikuimira akapolo koposa. M'busa wacizungu Samuel Hopkins wa ku Newport, mzinda wolemera ndi malonda a akapolo, analembera nthumwi mu 1776 kuti ukapolo ndi chimo la dziko lonse.

Akapolo ena anaona kuti Farao wao ndi mwini munda wa ku Virginia, osati mfumu ya ku London. Zikwi zinathawira kwa asilikali a Britain amene analonjeza ufulu. Mu 1783 pafupifupi 3,000 anatengedwa kupita ku Nova Scotia, ndipo mu 1792 oposa 1,100 anaoloka nyanja nakayambitsa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, pamodzi ndi alaliki ao monga David George wa Baptist. Mlandu suola. Ukapolo ku America unatha mu 1865, pambuyo pa nkhondo yapaciweniweni imene inapha anthu oposa 600,000.

Eni nthaka naonso cikalataco cinawachula ndi mau onyoza. Mu March 1782, ku Gnadenhutten m'dera la Ohio, Akristu a mtundu wa Lenape a mpingo wa Moravian, amene anakana kumenya nkhondo, anabwerera kumudzi kwao kukakolola cimanga cimene cinatsala m'minda cifukwa njala inawapweteka. Asilikali a ku Pennsylvania anawagwira. Anacezera usiku wonse akupemphera ndi kuimba nyimbo, ndipo m'mawa anaphedwa anthu 96, amai ndi ana omwe.

Mpingo ndi boma zilekana

Ngakhale pakati pa azungu okhaokha ufulu wopembedza unali woperewera. Ku Virginia alaliki a Baptist anali kuponyedwa m'ndende cifukwa colalikira popanda cilolezo. Ku Massachusetts anali kukakamizidwa kulipira msonkho wa mpingo wa Congregational, ndipo ku Ashfield mu 1770 minda yao inagulitsidwa atakana. M'busa Isaac Backus anapita ku Philadelphia mu 1774 kukauza nthumwi za Boston kuti cimene akudandaula kwa mfumu ndico akucitira a Baptist. Ku Maryland Akatolika anali oletsedwa kuvota, ndipo nthumwi zinadzudzula Britain mu 1774 cifukwa cololeza Cikatolika ku Quebec. Nkhondo inasintha zina: mu November 1775 Washington analetsa asilikali ake mwambo wotentha cifaniziro ca Papa, ndipo mu 1778 dziko lacikatolika la France ndilo linalowa nkhondo kuwathandiza.

Cotero Akristu a mipingo ing'onoing'ono anagwirizana ndi Jefferson ndi James Madison pofuna kuti boma licotse dzanja pa mpingo. Virginia inakhazikitsa lamulo la ufulu wopembedza mu 1786. Malamulo aakulu a dziko a 1787 analetsa kufunsa cipembedzo ca munthu asanapatsidwe udindo m'boma lalikulu, ndipo mu 1791 anaonjezapo kuti bomalo lisakhazikitse mpingo wake kapena kuletsa munthu kupembedza. Massachusetts inatsalira mpaka 1833. A Baptist anafuna zimenezi cifukwa ca cikhulupiriro cao: anati cipembedzo cokakamiza ndi msonkho ndi ndende sicikondweretsa Mulungu.

Mau omwewo ku Salisbury

Akuluakulu athu akumbukira tsiku la 11 November, 1965, pamene Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yapatukana ndi Britain. Cikalata cake cinatsanzira ca America ca 1776, koma cinasiya mfundo yakuti anthu onse analengedwa mofanana ndi yakuti mphamvu za boma zimacokera kwa olamulidwa. Pa wailesi Smith anati akuteteza cilungamo, citukuko ndi Cikristu. Zambia, imene inali ndi caka cimodzi cabe ca ufulu, inalipira mtengo wake ndi kusowa kwa mafuta ndi ulendo woopsa wa malole pa mseu wa ku Dar es Salaam. Mabishopu a Katolika a ku Rhodesia anatsutsa ulamulirowo, ndipo Bishopu Donal Lamont wa ku Umtali anapitikitsidwa m'dzikomo mu 1977. Zaka ziwiri Smith asanalengeze zake, mu 1963, m'busa wa Baptist Martin Luther King anaimirira ku Washington nagwiritsa nchito cikalata comweco ca 1776, nati ndi ngongole imene America sanalipire kwa anthu akuda.

Baibulo lomwelo linali m'manja mwa Witherspoon ndi mwa Boucher, mwa mwini akapolo ndi mwa Haynes, ndipo dzina la Mulungu linachulidwa ndi Smith ndiponso ndi Lamont. Cotero inu awerengi, wandale akafika pachalichi panu atanyamula Buku Lopatulika, kunyamulako pakokha sikukuuzani kanthu. Akawerenga ndime imodzi, inu mukafika kunyumba werengani mutu wonse monga anacitira Mayhew. Akakuitanani kusala kudya, salani ndi mtima wanu wonse, koma dziwani amene waitanitsa ndi cimene afuna. Ndipo akanena kuti anthu onse, mufunseni ngati mkazi wamasiye amene alandidwa munda ndi mnyamata waganyu amene sanalipidwe ali m'gulu la onsewo.